Fupa Linapola, Nanga Ntchito?

 Lero tikambirane za munthu amene wavulala kapena walumala, ndi njira imene amayenda kuti abwerere ku ntchito kuno ku makomboni a Lusaka. Ndiyamba ndi mlamu wanga, poti nkhaniyi ndinaiphunzira pakhomo pake, nditakhala pa chidebe chopidigula, osati m'kalasi.

Mlamu wangayo, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, ndi mmisiri womanga. Dzina anandiletsa kutchula, akuti angongole angamve. Amakhala ku Kanyama, mkati mwenimweni, kumene galimoto imafika m'chilimwe mokha. Zaka pafupifupi khumi zapitazo ankamanga nyumba yosanja ya bwana wina ku mapuloti atsopano. Thabwa limene anapondapo linali lofumbwa. Linathyoka, iye n'kugwera pa mulu wa mabuloko, fupa la ntchafu n'kuthyoka pawiri. Bwana uja anamunyamula pa Hilux yake yoyera, kukamutula pa geti la chipatala, n'kupatsira dakaboyi K500 kuti akapereke kwa mkazi wake. Kuyambira tsiku limenelo foni ya bwanayo imangolira osayankhidwa. Kutacha, pa khoma lomwelo panali pataima kale mmisiri wina.

Madokotala anagwira ntchito yawo, ndipo anaigwira bwino. Anamuika chitsulo m'ntchafu, anagona milungu ingapo, n'kumutulutsa ali ndi ndodo ziwiri ndi kapepala. Pakapepalapo analemba kuti azibwera ku chipatala chachikulu m'tauni kawiri pa mlungu kudzachita mafizo, kuti bondo lisaume. Ife achibale tinapha nkhuku, tinaitana a mpingo kudzathokoza, tikuyesa kuti nkhondo yatha. Kapepala kaja tinakapinda bwinobwino n'kukaika m'Baibulo.

Tsopano tiyeni tiyende naye ulendo wa kawiri pa mlunguwo. Kanyama inakhala pathanthwe. Amene anakumbako chimbudzi akudziwa: ukangotsika pang'ono wagunda mwala, ndipo madzi ali pompo. Mvula ikagwa madzi amasowa kolowera, amangoima m'njira mpaka kubiriwira. Mu Januwale ndi Febuluwale ife a miyendo iwiri timadumphadumpha pa miyala ndi pa matumba a mchenga, nsapato zili m'manja. Nanga wa ndodo? Ndodo ikalowa m'madzi suona pamene yaponda. Anyamata ankamukweza pa wilibala, ija timaitcha Zamcab, kukamutsitsa kumsewu wa tala, ndipo wilibala nayo siyenda ulere. Kumsewuko kondakitala akaona ndodo amayang'ana kumbali ngati wakumana ndi apongozi. Sindikuti anyamatawa ndi oipa mtima. Ali ndi ndalama ya mwini basi yoti aikwanitse pofika madzulo, ndipo munthu wa mwendo wosapinda amachedwa kukwera, akakwera amadya malo a anthu awiri. Wa njinga ya olumala ndiye kawirikawiri amauzidwa kuti alipirirenso njingayo. Yatsala ndi takisi. Takisi popita, takisi pobwera, kawiri pa mlungu, m'nyumba imene wobweretsa ndalama ndi yemweyo wagonayo.

Anapita kanayi. Ulendo wachisanu ndalama inapita ku lendi. Wachisanu ndi chimodzi mvula inagwa usiku wonse. Kenako panalibenso amene ankawerenga. Mkazi wa mlamu anayamba kudzuka folo koloko kukapikula tomato ku msika wa Soweto, ndipo pofika kunyumba analibenso mphamvu yoti agwire mwendo wa munthu n'kumaupinda. Bondo linauma. Lero mwendo wake wamanzere ndi wowongoka ngati mpini wa khasu.

Ndikamaganiza, ndimaona kuti thabwa lija linathyola fupa lokha, ndipo fupalo linalumikizika. Chimene chinamulemaza mlamu wanga ndi miyezi isanu ndi umodzi ya pambuyo pake. M'miyezi yomweyo ndi mmene anagulitsa levulo yake, mpeni womangira, chingwe, wilibala, zonse pamtengo wolira. Mmisiri akagulitsa zida ndiye kuti wagulitsa mawa lake. Kenako kunabwera kaloba, uja umatenga K100 n'kubweza K150 mwezi usanathe, ndipo kaloba ukalowa m'nyumba umatuluka ndi TV ndi mbaula ya magetsi.

Akuluakulu anati lungalunga n'pobadwa, chilema chichita kudza. Liwu lakuti chilema masiku ano sitiitanira munthu, ndipo ndi bwino kuti tinalisiya, koma mwambiwo sunaname. Mu 2015 ofesi ya kalembera ya boma, pamodzi ndi University of Zambia, inachita kafukufuku wa ulumali m'dziko lonse, ndipo inapeza kuti mwa anthu akuluakulu 100 alionse, pafupifupi 11 ali ndi ulumali wa mtundu wina. Werengani nyumba za mu mzere wanu, muona kuti nambalayo siichokera kutali. Ambiri mwa anthuwo sanabadwe choncho. Apolisi amatiuza chaka ndi chaka kuti ngozi za pamsewu zikupha anthu pafupifupi 2,000 m'Zambia muno. Akufawo timawalengeza pa wailesi, timasonkha za maliro. Amene anatuluka m'basi yomweyo ali moyo koma msana utathyoka, amenewo sitiwamvanso. Onjezani amayi ophwanya miyala amene kamwala kanawalowa m'diso, anyamata a makina ocheka matabwa amene zala zinatsala pa tebulo, a shuga amene phazi analidula, a BP amene sitiroko inawagwira mbali imodzi ali ndi zaka 45 zokha, ana adakali pa sukulu.

Kodi malamulo alipo? Alipo, ndipo ena ndi abwino kuposa mmene ambiri timaganizira. Pali lamulo la chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, la mu 1999, limene limayendetsedwa ndi Workers' Compensation Fund Control Board, likulu lake ku Ndola. Mmene linakonzedwera n'chonchi: wolemba ntchito ndiye amalembetsa ndi kulipira ku thumbalo, wantchito sadulidwa kanthu pa malipiro ake. Ngozi ikachitika, bwana ayenera kukanena msanga. Thumbalo limalipira za kuchipatala, limapatsa munthu kangachepe pamene akudwala, limagula mwendo kapena mkono wochita kupanga ngati ukufunika, ndipo ngati ulumaliwo ndi wamuyaya pamakhala penshoni kapena ndalama ya nthawi imodzi. Ngakhale wantchito wa m'nyumba ndi wa m'dimba ku mayadi ayenera kulembetsedwa. Inu abwana a ku Kabulonga ndi ku Woodlands amene mukumvera, mwamva.

Mlamu wanga akanakhala m'buku limenelo, ndalama ya takisi ija ikanapezeka, ndipo mwina lero bwenzi akukwera makwerero. Koma lamuloli limayenda bwino pamene pali pesilipi, pamene pali dzina la kampani pa geti. Anthu oposa theka la ogwira ntchito m'dziko muno alibe zimenezo, ndipo ku Kanyama, ku George, ku Chawama ndiye pafupifupi tonse. Timapangana pakamwa: khoma ili mundimangire, ndikupatsani zakutizakuti. Palibe pepala, palibe mboni, nthawi zina ngakhale dzina lenileni la bwana sitilidziwa, timangoti abwana a Hilux yoyera. Ndiye ndikupempheni amisiri anzanga, musanakwere thabwa la munthu, lembani m'foni dzina lake lonse, nambala ya puloti, tsiku limene mwayamba, ndipo malipiro ena azilowa pa Airtel kapena pa MTN kuti pakhale chizindikiro. Ngozi ikachitika, wachibale asunge mapepala onse a kuchipatala, ndipo apite yekha ku ofesi ya Workers' Compensation kapena ku ofesi ya za ntchito, asadikire kuti bwana akadzinenere yekha. Ikakhala ngozi ya pamsewu, lipoti la apolisi ndi lipoti la dokotala ndizo zimatsegula khomo la inshuwalansi, poti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu imalamulidwa kukhala ndi inshuwalansi yolipira amene yamuvulaza. Ife tinalibe amene anatiuza zimenezi. Tinali otanganidwa ndi nkhuku ija.

Lamulo lina ndi la anthu olumala la mu 2012, limene linabwera Zambia itavomereza, mu 2010, pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala. Limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha ulumali, limati nyumba zimene anthu onse amalowamo zikhale zoti aliyense alowe, ndipo limapatsa mphamvu bungwe la Zambia Agency for Persons with Disabilities, limene timangoti ZAPD, kuti lizilembetsa anthu ndi kuwapatsa khadi. Khadi limenelo musalipeputse, chifukwa maofesi ambiri amayamba alifunsa asanakumvereni. Palinso ndalama ya Social Cash Transfer, imene inayambira ku Kalomo mu 2003. Nyumba imene muli munthu wolumala kwambiri imalandira yochulukirapo: mu 2022 nyumba zina zinkalandira K200 pa mwezi, zoterezi K400. Ndalamayo imathandiza, ndaona agogo akugulira sopo ndi kapenta. Koma ikani ndalama imeneyo pambali pa lendi ya zipinda ziwiri ndi thumba la ufa, mundiuze ngati yatsalapo ya takisi yopita ku mafizo. Imeneyo ndi ndalama yoti munthu asagone ndi njala. Kumubweza ku ntchito ndi nkhani ina.

Malamulo amenewa sanagwe ndi mvula. Olumala eni ake ndiwo anawakankha. Mu 2011, mayi Sela Brotherton, m'malo mwa chitaganya cha mabungwe a olumala cha ZAFOD, anatengera bungwe loyendetsa zisankho ku High Court chifukwa malo ambiri olembetsera ndi ovotera anali ndi masitepe ndi makomo oti njinga siingadutse. Khoti linagamula kuti kumeneko kunali kusala. Ndimaikumbukira nkhani imeneyi chifukwa ife timakonda kulankhula za olumala ngati anthu ongodikira kuti tiwakumbukire, pamene iwo anatitsogolera kale kukhoti.

Tibwerere ku bondo. Zinthu zasinthako kuyambira nthawi ya mlamu wanga. Makiliniki a ku Matero, Chilenje, Chipata, Kanyama ndi Chawama anakulitsidwa kukhala zipatala, mothandizidwa ndi dziko la Japan, kuti si aliyense azithamangira ku chipatala chachikulu cha UTH. Choncho pokutulutsani m'chipatala, funsani ngati mafizo angachitikire kufupi ndi kwanu. Ndipo chinthu chimene ndikanakonda wina akanatiuza ndi ichi: pa ulendo woyamba wa mafizo, musapite ndi munthu wongokugwirani dzanja. Pitani ndi amene mumagona naye nyumba imodzi, kapena mwana wamkulu, aime pafupi aone mmene akupindira mwendowo, afunse kuti kangati pa tsiku, afunse ululu woti apirire ndi ululu woti asiye. Mafizo ambiri safuna makina. Amafuna mphasa, thaulo, botolo la mchenga, ndi munthu wosatopa. Anthu a zaumoyo a m'komboni amene amayenda khomo ndi khomo pa nkhani ya TB ndi ma ARV anatisonyeza kale kuti chithandizo chikhoza kumutsata munthu kunyumba. Pa nthawi ya kolera ya 2023 ndi 2024, ija inadzaza Heroes Stadium ndi mabedi, tinkayenda khomo ndi khomo ndi klorini. Sindiona chimene chingatilepheretse kufika pa khomo la munthu wa sitiroko.

Ndiye pali nkhani ya njinga. Chaka chilichonse timaona pa TV mabungwe ndi andale akupereka njinga za olumala, zonyezimira, riboni ili pamwamba, wolandira akuuzidwa kuti amwetulire. Zambiri mwa njingazo zinapangidwira makonde a simenti a m'zipatala za ku Ulaya. Timawilo take takutsogolo n'tating'ono ngati ta tirole ya mu Shoprite. Ilowetseni m'njira ya ku George, miyezi itatu siikwana, yatha, ndipo sipeya wake kulibe mu Kamwala monse. Mukaipeza ili kuseri kwa nyumba ayanikapo matewera. Njinga yosamuyeza munthu imabweretsanso zilonda za pamatako, zija zimayamba ngati kachiphuphu n'kumaliza munthu wa msana.

Izi anazizindikira kalekale anthu olumala a mu Lusaka momwe muno, amene mu 1991 anayambitsa Disacare, malo opangira njinga zolimba ndi zitsulo ndi mawilo opezeka konkuno, zoti wokonza njinga wa pansi pa mtengo akhoza kuzikonza. Ku UTH nako kunayamba kagulu kotchedwa APTERS, ka amisiri olumala opanga mipando ndi zoimiritsira ana opuwala pogwiritsa ntchito makatoni ndi mapepala otayidwa, omata ndi phala. Mukaugwira mpandowo simungakhulupirire kuti ndi pepala. Onani mmene zinakhalira pamenepo: chida cha wolumala chikupangidwa ndi wolumala, ndipo iye akudyerapo. Ndikamadutsa mu msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga, n'kuona mageti, mafelemu a mawindo ndi zitseko zitandandalikidwa m'mbali mwa msewu, moto wa owotcherera uli thethethe, ndimadzifunsa kuti manja amene akupanga geti loyenda pa njanji angalephere bwanji kupanga njinga ya mawilo atatu yokhala ndi bokosi la malonda kumbuyo. Chosowa ndi wowaphunzitsa kayezedwe ka thupi la munthu, ndi wogula amene m'malo moitanitsa kontena ya njinga kunja angasiye ndalamayo pa Kalingalinga.

Za opaleshoni ndi ziwalo zochita kupanga ndingodutsamo mwachangu. Ku UTH ziliko. Chipatala cha mafupa cha ku Longacres, chimene ambiri timachitcha cha Mataliyana, chathandiza anthu ambiri. Ana obadwa ndi mapazi opindika kapena miyendo yokhota ali ndi Beit CURE, imene inatsegulidwa mu 2006 pa Great North Road. Mayi amene mwabisa mwana m'nyumba poopa pakamwa pa aneba, phazi lopindika limawongoka bwino mwana akadali wakhanda. Si ufiti, si tchimo la munthu.

Tsopano ntchito yeniyeniyo. Apa pali chizolowezi chimene chimandinyansa pang'ono. Munthu akangolumala, aliyense amamuganizira zinthu ziwiri: makina osokera kapena kusoka nsapato. Kaya anali dalaivala wa thiraki, kaya anali mphunzitsi, kaya anali wokonza mafiriji, ife timangoti aphunzire utelala. Utelala m'tauni imene salaula yadzaza msewu wa Lumumba! Sindikunyoza atelala, amayi anga anatilera ndi Singer. Ku Ndola kuli National Vocational Rehabilitation Centre, sukulu ya ntchito zamanja ya anthu olumala, ndipo kwa wachinyamata amene sanagwirepo ntchito ndi khomo labwino. Koma bambo wa ana asanu wa ku Mtendere sangatseke nyumba n'kupita ku Copperbelt chaka chathunthu. Ndipo munthu amene wagwira ntchito zaka makumi awiri ali kale ndi luso m'mutu. Funso loyenera kumufunsa ndi lakuti, pa ntchito imene mumaidziwa, ndi mbali iti imene mungaigwirebe, ndipo pakufunika chiyani kuti muigwire? Dalaivala woduka mwendo amadziwa sipeya aliyense ndi mtengo wake. Mayi wophika mu lesitilanti amene sangaimenso tsiku lonse amafuna mbaula yotsika ndi mpando. Kabokosi ka mobile money ndi ntchito yokhala pansi, koma onani mmene timabokosito amatipangira: kakhomo kopapatiza, sitepe pamwamba pa ngalande.

Chachiwiri ndi mpamba. Mu 2022 ndalama ya chitukuko ya CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsitichuwense iliyonse, ndipo yakhala ikukwerabe. M'ndalama imeneyo muli gawo lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja, muli gawo la magulu ndi makopaletivu, muli ngongole za mabizinesi. Kanyama ili ndi yake, Chawama yake, Matero yake, Munali yake. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya mu wadi. Funso langa kwa makhansala ndi a makomiti amenewa ndi ili: msonkhano wofotokoza za mafomuwo mumauchitira kuti, ndipo mumaulengeza bwanji? Ngati uli m'chipinda cham'mwamba, wa njinga sanafike. Ngati munangolengeza pa chimkuzamawu, wosamva sanamve. Ngati munangomata pepala pa khoma, wosaona sanaone. Kenako mudzati olumala sanafunsire. Ndipo pa ndalama yomweyo ya misewu ndi ngalande, kodi n'zovuta kuti pamene mukuika kabuliji ka pa ngalande mukaike kotambalala koti njinga idutse?

Olemba ntchito a m'makampani nawo ali ndi nyimbo yawo: tilibe chimbudzi choyenera, makasitomala adzadabwa, adzadwaladwala. Boma limachotserako msonkho kampani imene yalemba munthu wolumala, ngakhale kuti ndalamayo ndi yochepa moti palibe bwana amene angasinthe maganizo chifukwa cha iyo yokha. Chimene ndaona chikusintha maganizo ndi kugwira ntchito limodzi ndi munthuyo mwezi umodzi. Mu shopu ya matabwa imene muli kalipentala wosamva, pakatha milungu iwiri aliyense amakhala ataphunzira kulankhula ndi manja, ndipo phokoso la makina limene limasokoneza enawo iye silimukhudza.

Ena mwa inu mukuti, nanga aja opempha pa maloboti a mu Great East Road ndi mu Cairo Road? Ndimawaona, ndipo sindiwaweruza. Munthu amene geti lililonse lamutsekera amapita pamene galimoto zimaima. Chimene chimandipweteka ndi kamwana kamene kakutsogolera agogo osaona pakati pa magalimoto nthawi ya sukulu, poti pamenepo ulumali wa munthu mmodzi ukudya mibadwo iwiri. Akuluakulu amene mukumvera mukukumbukira Lazarous Tembo, woimba wa kum'mawa, wosaona, amene anafika pokhala nduna yaing'ono yoona za chikhalidwe m'boma la a Kaunda. Amene uja anapita ku sukulu, anapeza amene anamutsegulira khomo. Ndi angati a mutu ngati wake amene aima pa loboti lero, dzanja lili pa phewa la mdzukulu?

Ndisaiwale amayi. Mwamuna akalumala, kawirikawiri mkazi amakhala. Mkazi akalumala, kawirikawiri mwamuna amapita kukagula ndudu osabwerako. Ndipo mayi wa mwana wopuwala ubongo, ngakhale iye ali bwinobwino, ntchito ya ku mayadi sangaigwire, poti mwana wa zaka khumi ali kumsana ndipo palibe womusiyira. Malo ngati sukulu ya ana olumala ya ku Bauleni akamusunga mwana masana amakhala amasulanso manja a mayi kuti akagulitse. Pali ndi nkhani imene sitiikamba pagulu, ya chimbudzi. Puloti imodzi, mabanja asanu ndi atatu, chimbudzi chimodzi chokumba, chomangidwa pamwamba ndi masitepe atatu chifukwa cha thanthwe lija. Munthu wosakhoza kunjuta amayamba kudzimana madzi ndi chakudya kuti asavutitse anthu. Munthu wotero mungamuuze za bizinesi? Mlamu wanga chimene chinayamba kumudzutsa chinali mpando wakale wa pulasitiki umene mwana wake anauboola pakati, ndi chitsulo chogwirira chimene mnzake wowotcherera anakhomera pa khoma.

Mmene anabwererera ku ntchito sizinachokere ku ofesi iliyonse. Patapita chaka ndi theka ali khale pakhonde, akuyang'ana anthu odutsa, mayi wina wa mu kwaya ya akazi ake anabwera kudzadandaula kuti anyamata amene amamumangira mpanda akumuba simenti. Anati, alamu, inu simungakwere, koma maso muli nawo, bwerani mudzangokhala pamenepo. Anamunyamula pa wilibala. Anakhala pa mpando tsiku lonse, ndodo ili pamiyendo, akuwerenga matumba, akuyang'ana kasakanizidwe ka mchenga, akuloza ndi ndodo pamene mzere wakhota. Mpandawo unatha ndi matumba ochepa kuposa amene anyamata aja ananena, ndipo mpaka lero sunang'ambike. Mayiyo anamulipira ngati kapitawo, sanamupatse ngati wopempha, ndipo anakauza anzake ku kwaya.

Madzulo a tsiku limenelo ndinamupeza akumeta ndevu, koyamba m'miyezi yambiri.

Chilimba cha amayi a tomato, kuja amasonkherana ndalama mosinthana, ndicho chinagula chikombole cha mabuloko. Mkazi wake atalandira chigawo chake sanagule mapoto, anakagula chikombole kwa owotcherera, n'kuwauza kuti apangenso mpando wautali wokhala ndi popondera mwendo wowongoka. Lero mlamu ali ndi kamalo m'mbali mwa msewu, anyamata awiri oumba, ndi thanki ya madzi. Anthu amabwera ndi pulani yojambula pa pepala la m'kope, iye amawawerengera mabuloko, simenti, malata, osaphonya. Sindikuti walemera. Mvula ikagwa bizinesi imaima, simenti ikakwera mtengo amalira ngati wina aliyense, minibasi mpaka lero zimamudutsa, ndipo bwana wa Hilux yoyera uja tinamuonapo kamodzi pa maliro, anatipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Lamlungu lapitali ndinapita kukamuona, ndinamuuza kuti nkhani yake ndikaikamba pa wailesi. Anali pa mpando wake wautali uja, akukalipira mnyamata kuti wachulutsa madzi m'dothi. Ndinati, alamu, anthu a Lusaka yonse akhala akumvera, mwina ndi a nduna omwe, ndikawauze chiyani m'malo mwanu? Anandiyang'ana, n'kuyang'ana mulu wa mabuloko umene unali kuuma padzuwa. Anati, alamu, a nduna asiyeni. Mukauze anthu kuti a sikisi inchi alipo, ouma bwino, ndipo wogula oposa 200 timuperekezera pa wilibala.